Maphunziro a filosofi a ana pa holide ku Bangula: ndi abwino, koma nthano zathu zikumanidwa malo

Pa Bangula pano pali bambo ena, aphunzitsi a sekondale opuma pa ntchito, amene ayamba kusonkhanitsa ana pa holide n'kumawaphunzitsa filosofi, maphunziro a kuganiza mozama ndi kufunsa mafunso. Amatenga a Fomu 1 mpaka Fomu 4, amalipiritsa K6,000 mwana mmodzi pa holide yonse, ndipo amakumana m'mawa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'chipinda cha malata chomwe kale chinali golosale. Dzina lawo sindilitchula poti sindinawapemphe, koma wofuna kuwapeza akafunse pamsika za aphunzitsi a mafunso aja, amulozera. Ine ndinalipirira mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 2, ndipo monga malume amene ndinatulutsa ndalama, masiku ena ndinkapita nawo n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndinamva ndi makutu anga ndiponso zomwe ndinawerenga m'kope la mwanayo.

Ndiyambe ndi kuchenjeza makolo anzanga. Awa si maphunziro a mayeso. MANEB sidzafunsa za Thales, wanzeru wakale wa Chigiriki, ndipo amene akufuna kuti mwana wake akhoze masamu apite naye ku pateyimu. Chimene mwana amatenga kuno ndi china, ndipo kwa ine n'chokwana ndalamayo.

Sabata yoyamba aphunzitsiwa sanayambe ndi anthu anzeru ayi, anayamba ndi nthano. Anaimirira kutsogolo n'kunena kuti "Padangotero," ana onse, ngakhale anyamata a ndevu a Fomu 4, n'kuyankha "Tili tonse" mosazindikira. Nthano yake inali ya Agiriki, monga anailembera Hesiod cha m'ma 700 BC, ndiye kuti zaka 700 Yesu asanabadwe. Poyamba panali Chaos, chimphako chopanda kanthu. Kenaka kunabwera Gaia, amene ndi dziko, ndipo anabala Uranus, amene ndi thambo. Mwana wawo Cronus analanda ufumu wa bambo ake, ndiye poopa kuti nayenso ana ake adzamutero, ankawameza akangobadwa. Mkazi wake Rhea atatopa nazo anabisa khanda lomaliza, Zeus, amene anadzakhala mfumu ya milungu, n'kupatsa mwamuna wake mwala wokulunga m'nsalu, iye n'kumeza. Ana anaseka pamenepa, koma aphunzitsi anawafunsa kuti, "Munthu amene ankafotokozera ana ake nkhani imeneyi, ankafuna kuyankha funso lanji?" Chipinda chinati zii. Kenaka mayankho anayamba kutuluka mmodzimmodzi: dziko linachokera kuti, chifukwa chiyani thambo lili kutali ndi nthaka, chifukwa chiyani ufumu umadanitsa bambo ndi mwana wake. Apa m'pamene ndinaona kuti bambowa ntchito yawo amaidziwa. Sanauze ana kuti nthano ndi bodza la anthu osaphunzira. Anawaonetsa kuti mafunso amene anzeru anadzalimbana nawo anali kale m'nthanomo.

Phunziro limene linandigwira mtima kwambiri ndi la Thales ndi mtsinje wa Nile, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa likuonetsa bwino kaphunzitsidwe kawo.

Thales anali wa mumzinda wa Miletus, m'mphepete mwa nyanja, m'dziko lomwe lero ndi Turkey. Anakhala ndi moyo cha m'ma 624 mpaka 546 BC, ndipo Herodotus, wolemba mbiri wa Chigiriki, analemba kuti iyeyu ananeneratu za kadamsana amene akatswiri lero amati ndi wa mu 585 BC. Amadziwika ndi mawu akuti zinthu zonse gwero lake ndi madzi, ndi kuti dziko limayandama pamadzi, chivomezi n'kugwedezeka kwa madziwo. Aphunzitsi anafotokoza kuti maganizo a madziwa sanagwe kumwamba. Anthu a ku Egypt ankati pachiyambi panali madzi otchedwa Nun, a ku Babylon ankati Apsu ndi Tiamat, madzi opanda mchere ndi madzi amchere, ndiwo makolo a milungu. Chachilendo cha Thales n'chakuti madzi ake sanali mulungu wokwatira ndi kubereka. Anali madzi omwewa timamwa.

Ndiye anafika pa Nile. Mtsinje umenewu unkasefukira chaka ndi chaka m'nyengo yotentha, pamene ku Egypt kulibe mvula n'komwe. Eni dziko ankati ndi mulungu Hapi amene amabweretsa madziwo. Thales anati ayi, ndi mphepo ya kumpoto imene imaomba nyengo imeneyo, imakankha madzi pamathiriro, mtsinje n'kulephera kulowa m'nyanja, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Aphunzitsi anafunsa kuti, "Ana inu, mtsinje ungabwerere m'mbuyo?" Mnyamata wina wa ku Makhanga, amene amaoloka pa bwato kuti adzaphunzire nawo, anaimirira asanalozedwe n'komwe. Anati, "Aphunzitsi, zimatheka. Ruo akadzadza amabwera ndi mphamvu, pa Chiromo amatseka Shire. Ndiye Shire amasowa kolowera, madzi amabwerera kudambo. Ife tinaziona." Mwanayo amanena zoona zimene aliyense wa kuno amazidziwa, ndipo ankazinena manja akunjenjemera, poti kwawo madzi a 2015 anawasamutsa.

Mphunzitsi wina akanangoyamikira n'kupitirira. Awa anati, "Wayankha bwino. Tsopano timutsutse Thales." Anawauza kuti Herodotus yemwe uja anakana maganizo a mphepowa pa zifukwa ziwiri: zaka zina mphepo sinkaomba koma Nile ankasefukirabe, komanso kuli mitsinje ina yoyang'ana mphepo yomweyo imene sinkasefukira. Ndiye madziwo ankachokera kuti? Ana anakangana kwa kanthawi, mpaka mwana wa mchemwali wanga uja anati, "Mwina mvula imagwa kwina. Ngati kuno, madzi amatipeza dzuwa likuswa mtengo chifukwa yagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo." Ndi yankho lenileni limenelo. Madzi osefukira a Nile amachokera ku mvula ya kumapiri a Ethiopia, amatsika ndi Blue Nile. Ndinamuyang'ana mwanayo ndili kumbuyo kuja, mtima wanga unadzadza.

Mfundo imene aphunzitsi anatsindika pamapeto ndi imene ndikufuna makolo amve. Thales analakwa, koma yankho lake linali loti munthu wina atha kuliyesa, kuliona pofooka n'kulikonza. Ndipo anayamba kumutsutsa ndi anthu a kwawo komwe. Anaximander, wa ku Miletus komweko, anati dziko silikhala pa kanthu kalikonse, limangoima pakati chifukwa palibe chochititsa kuti lipendekere mbali imodzi, ndipo mabingu ndi mphepo yotsekeredwa mumtambo imene yaphulika, osati mkwiyo wa Zeus. Anaximenes naye anabwera n'kuti gwero la zonse ndi mpweya. Wamng'ono ankatsutsa wamkulu popanda kumutukwana, ndipo nzeru zinkapita patsogolo. Kwathu kuno, kumene mwana akafunsa kawiri amati ndi wamwano, ndi phunziro lofunika kulimva, ife akulu kuposa ana.

Anawonjezerapo kankhani kena kuti mzinda wa Miletus uja, umene unali doko lalikulu, lero mabwinja ake ali makilomita angapo kuchokera kunyanja, chifukwa mtsinje wa Maeander unakwirira gombe lonse ndi matope. Sipanafunike kufotokoza zambiri. Ana amene anaona mchenga wa Freddy mu 2023 utakwirira minda ndi nyumba mpaka m'mawindo anangogwedeza mitu.

Tsiku lomwelo kamtsikana kena kanafunsa za Napolo, ngati ilikodi njoka imene imatuluka m'phiri n'kugumula zonse popita kumadzi. Ndinadikira kuti ndione ngati aphunzitsi aseka. Sanaseke. Anafunsa kuti nkhani ya Napolo imanena zoona ziti. Ana anatchula okha: amayambira kuphiri, amabwera mvula ikagwa masiku otsatizana, amatsata khwawa, amanyamula miyala ikuluikulu, ndipo akuluakulu amati amadutsanso pomwe anadutsa kale. "Ndiye agogo amene analetsa mdzukulu wake kumanga m'njira ya Napolo, anali wopusa?" Onse anati ayi. Pamenepo aphunzitsi anatchula Aristotle, wanzeru wina wa Chigiriki, amene analemba kuti wokonda nthano ndi wokonda nzeru ali pachibale, popeza onse amayamba ndi kudabwa. Kunena zoona, mmawa umenewo wokha unakwana ndalama yanga.

Panali tsiku limodzi limene linabweretsa mpungwepungwe, ndipo sindingalibise. Anaphunzitsa za Xenophanes wa ku Colophon, amene anadandaula kuti alakatuli Homer ndi Hesiod anapatsa milungu makhalidwe onse onyansa a anthu, kuba, chigololo ndi chinyengo. Iyeyu anaona kuti Aitiyopiya amati milungu yawo ndi yakuda, pamene anthu a ku Thrace amati yawo ndi ya maso obiriwira ndi tsitsi lofiira, ndiye anati ng'ombe ndi akavalo zikanakhala ndi manja, zikanajambula milungu yofanana ndi ng'ombe ndi akavalo. Ana anakafotokoza izi kunyumba modukizadukiza, ndipo mayi wina anabwera m'mawa mwake, chitenje chili m'chiuno, n'kudzatenga mwana wake, akuti sakufuna asiye kupemphera. Mayiwo ndikuwamvetsa ndipo sindikuwanyoza, mwana ndi wawo. Koma ine ndinalipo, ndipo mwana wawo akanafotokoza mpaka kumapeto, akanawauza kuti Xenophanes yemweyo ankaphunzitsa za Mulungu mmodzi, wamkulu koposa, wosafanana ndi anthu m'thupi kapena m'maganizo. Aphunzitsi anafunsanso ana chifukwa chimene zithunzi zambiri za Yesu za m'nyumba zathu zimamuonetsa ngati mzungu wa ku Ulaya, ndipo ndi funso limene mkhristu wokhwima sayenera kuliopa. Ansembe a Katolika amene amatilalikira amayamba aphunzira filosofi ku seminale ya Kachebere ku Mchinji asanalowe m'maphunziro a zaumulungu. Pamene ndingawadzudzule aphunzitsiwa ndi poti phunziro lotere amayenera kuyamba aitana makolo, kapena kulemba kakalata, kuti nkhani isafike kunyumba itaduka mutu.

Za Socrates anadutsapo mwachangu pa mbiri yake, kuti sanalembe buku lililonse, kuti timamudziwa kwambiri kudzera mwa wophunzira wake Plato, ndi kuti mu 399 BC bwalo la ku Athens linamuweruza kuti amwe poizoni ali ndi zaka 70, pomuimba mlandu wosalemekeza milungu ya mzindawo ndi kusokoneza achinyamata. Nthawi yambiri anaithera pa kuyeseza kafunsidwe kake. Funso linali lakuti chilungamo n'chiyani. Mnyamata wina anati ndi kugawa mofanana. Aphunzitsi anati, "Chabwino. Tili pa kampu, chimanga cha thandizo chabwera, thumba limodzi banja lililonse. Banja ili ndi la anthu awiri, ilo ndi la anthu asanu ndi anayi. Tagawa mofanana. Tachita chilungamo?" Mnyamatayo anasintha, anati tiwerenge mitu. "Nanga amene nyumba yake sinagwe koma munda wake wonse wapita?" Wina anati alandire theka. "Nanga amene anauzidwa kuti asamukire kumtunda n'kukana?" Apa chipinda chinagawikana pawiri, ena akuti adziwa yekha, ena akuti kumtunda kulibe dimba, akanadya chiyani. Ana ambiri m'chipindamo anagonapo m'matenti kapena m'makalasi a sukulu, ndiye sinali nkhani ya m'buku. Nthawi inatha asanagwirizane, aphunzitsi n'kuwauza kuti akapitirize ndi makolo awo. Kwathu mkanganowo unafika mpaka pa nsima ya madzulo, mchemwali wanga n'kulowererapo ndi maganizo ake amene ine sindinkadziwa kuti ali nawo.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Nthano za Agiriki zinatenga masabata, koma zathu zinapatsidwa mmawa umodzi, chakumapeto, ana atayamba kale kuganiza zotsegulira sukulu. Izi zinandiwawa, makamaka poti mwayi unalipo woonekeratu. Anaphunzitsa za Prometheus, amene anaba moto kwa milungu ataubisa m'phesi n'kupatsa anthu, Zeus n'kumumangirira pathanthwe kuti chiwombankhanga chizimudya chiwindi, anthu n'kuwatumizira Pandora ndi mtsuko wa mavuto. Komatu ifenso tili nayo nkhani ya Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, kumene mwamuna, mkazi ndi nyama anatsika ndi mvula yoyamba n'kusiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Onse ankakhala mwamtendere ndi Chauta mpaka munthu anapekesa moto, tchire n'kuyaka, nyama n'kuthawa zili ndi mkwiyo, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mitundu iwiri yotalikirana chonchi, yonse ikunena kuti moto, luso loyamba la munthu, ndi umene unamulekanitsa ndi Mulungu. Funso lake n'lalikulu: kodi luso lililonse limabwera ndi mtengo wake? Ana a m'chigwa chino, amene amaona makala akutsika m'mapiri pa njinga tsiku lililonse kenaka madzi n'kuwatsatira, akanakhala ndi zonena zambiri. Aphunzitsi anaitchula nkhaniyi m'mphindi zochepa, osailumikiza n'komwe ndi Prometheus. Ya bilimankhwe ndi buluzi, mmene uthenga wa imfa unafikira msanga kuposa wa moyo, anangoti "mukuidziwa kale."

Za Mbona ndiye ndinadandaula zedi. Khulubvi ili pafupi ndi boma la Nsanje, msewu wa tala womwewu. Nkhani ya Mbona imasiyana malinga ndi wofotokoza, koma mutu wake ndi umodzi: munthu wa mphatso ya mvula anadedwa ndi akuluakulu amphamvu, anathawira kum'mwera, anaphedwa, magazi ake anasanduka mtsinje, mutu wake unaikidwa ku Khulubvi, ndipo amene anamupha anadzayamba kumulemekeza. Mwana amene wangophunzira kumene za imfa ya Socrates akanafunsa yekha chifukwa chimene mudzi umaphera munthu amene ukumufuna. Pali ana a Chimang'anja ndi a Chisena m'chipindamo amene sanamvepo nkhaniyi bwinobwino, ena chifukwa kutchalitchi anauzidwa kuti ndi za ziwanda. Ngati pali malo oti aimve mwaulemu, osakakamizidwa kupembedza kapena kunyoza, ndi m'kalasi ngati imeneyi. Nditawafunsa, aphunzitsi anandiyankha moona mtima kuti, "Achimwene, za Agiriki ndili ndi mabuku ake, zathuzi ndimaopa kuphunzitsa zolakwika." Ndinawauza kuti mabuku ake akuyenda ndi ndodo m'midzimu, aitane agogo mmodzi adzafotokoze, iwo adzangotsogolera mafunso.

Chogwirizana ndi chimenechi, mawu akuti nzeru zofunsa zinayambira ku Greece amawanena mosasamala. Confucius ku China anabadwa mu 551 BC, Thales akadali moyo, ndipo ku India nako anthu ankakangana kale za moyo ndi imfa. Malangizo a Ptahhotep a ku Egypt ndi akale kwambiri kuposa Agiriki onsewa. Mwambi wathu wakuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu ukanayenera kuikidwa patebulo n'kufunsidwa mafunso ngati mmene anachitira ndi Thales, kuti ana aone ngati ukupirira. Sindikupempha kuti achotse Agiriki. Ndikupempha kuti mwana asatuluke akuganiza kuti kuganiza kunabwera pa sitima.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimasautsa. Aphunzitsi amayankhula Chichewa chomveka, n'kumaponyamo Chisena pofuna kuseketsa ana, koma mapepala amene amagawa ndi a Chingerezi chokhachokha, ofotokopa kuchokera m'buku lakale, ena osaoneka bwino. A Fomu 1 amangowapinda n'kuika m'thumba. Chipinda chija chilibe siling'i, ndiye ikamakwana 10 koloko malata amayamba kuwotcha, ana n'kumadzikupiza ndi makope. Panja pali mtengo wa nimu wa mthunzi wabwino, ndipo tsiku limene anatulutsa mabenchi kukakhala pamenepo ana anayankhula kwambiri kuposa masiku onse. Madzi akumwa palibe, mwana azinyamula botolo lake. Chinanso, amaloza amene wakweza dzanja, ndipo okweza manja ambiri ndi anyamata. Atsikana ena amafika atatopa kale ndi kumjigo, amakhala kukhoma osatsegula pakamwa mpaka kuweruka. Mwana wa mchemwali wanga ndi wolimba mtima mwachibadwa, koma anzake awiri amene amayenda nawo sindinamve mawu awo. Mphunzitsi wa luso ngati ameneyu atha kuwakoka atafuna.

Kodi ndi oyenera ndani? Mwana amene amafunsa mafunso mpaka kukutopetsani, mubweretseni, apeza anzake. Mwana wofatsa amene amangoloweza notsi n'kukhoza, ameneyo ndiye akufunika kwambiri. Wa pulayimale achedwe kaye, zimulemera. Amene angazikonde zedi adziwe kuti ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya filosofi, si zinthu zongothera pa Bangula.

Akuti adzatsegulanso pa holide ya Disembala, ndipo ine ndidzalipiranso. Makolo a tsidya la Makhanga aganizire za kaolokedwe ka pa Mtayamoyo nyengo imeneyo, chifukwa mvula ikayamba kumtunda si bwino mwana kukwera bwato yekha m'mamawa. Kuli bwino kumupezera pogona kwa achibale mbali ino. Aphunzitsi avomera kuti adzayamba 7 koloko pothawa dzuwa, ndipo agogo woti adzafotokoze za Mbona ndalonjeza kuti ndidzawapeza ndine, thiransipoti yawo ndi yanga.